Kukagona m'chipululu cha Joshua Tree ndi RV kumapeto kwa Novembala

Mayi a Tadala: Moni nonse abale, ndikupempha nzeru. Sabata ya Thanksgiving, tchuthi cha ku America cha kumapeto kwa Novembala, tikufuna kubwereka RV, galimoto yokhala ngati nyumba yogonamo, ku Los Angeles n'kukagona masiku atatu ku Joshua Tree National Park. Tilipo asanu: ife awiri, ana awiri, ndi agogo awo amene abwera kuchokera ku Mzuzu. Tikonzekere chiyani? Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha, poti ndi chipululu.

Nachisale: Achemwali, za kutenthazo ziikeni pambali, m'Novembala konzekerani kuzizira. Pakiyo ili pomwe zipululu ziwiri zimakumana. Mbali ya kum'mawa ndi kumwera ndi Colorado Desert, yotsika ndi yofundirako. Mbali ya kumadzulo, komwe kuli mitengo ya Joshua ndi miyala ikuluikulu, ndi Mojave, ndipo ili pamtunda. Malo ogona a Jumbo Rocks ali pamamita pafupifupi 1,340, a Ryan 1,310, a Hidden Valley 1,280. Agogo kukwerako sikuwavuta, chifukwa Mzuzu nayo ili cha pamenepo. Chosiyana n'chakuti mpweya wa m'chipululu ndi wouma ndipo nthawi zambiri kulibe mitambo, ndiye dzuwa likangolowa kutentha konse kwa masana kumathawa msanga. Masana mukhoza kuyenda ndi malaya okha pa madigiri 15 mpaka 20, koma mbandakucha kumayandikira 0, nthawi zina kupitirira pansi. Ganizirani Nyika mu Julayi. Komanso nthawi imeneyo dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, choncho usiku wozizirawo ndi wautali, umapitirira maola 13.

Gondwe: Mayi, musanabwereke galimoto yambani mwapeza malo ogona, chifukwa kutalika kwa galimoto kumadalira malowo. Sabata ya Thanksgiving kumadzaza. Black Rock, Indian Cove, Jumbo Rocks, Ryan ndi Cottonwood mumasungitsa pa tsamba la intaneti la Recreation.gov, ndipo amatsegula kudakali miyezi 6. Hidden Valley, White Tank ndi Belle ndi za wofika woyamba, ndipo patchuthi musadalire zimenezo muli ndi ana ndi agogo.

Pa tsamba la malo alionse amalembapo kutalika kwa galimoto imene ingakwanepo. Ku Hidden Valley ndi White Tank malire ndi mapazi 25, omwe ndi mamita 7.6, kuphatikizapo ngolo ngati mukukoka. Ma RV obwereka a banja, aja a Class C okhala ndi bedi pamwamba pa woyendetsa, ambiri amakhala mapazi 25 mpaka 30. Werengani za nambala yeniyeni ya malo mwasankhawo, chifukwa ku Jumbo Rocks ena ndi opanikizika pakati pa miyala ngakhale oyandikana nawo ali otakasuka.

Dziwaninso kuti m'paki monsemo mulibe malo ngakhale amodzi olumikizira RV ku magetsi, ku mpopi kapena ku paipi ya zonyansa. Chilichonse chidalira zimene mwanyamula.

Mayi a Tadala: Zikomo achimwene. Nanga pa malo onsewo mungandisankhire ati? Ana akufuna kwa miyala.

Gondwe: Ine ndinganene Black Rock usiku woyamba ndi wotsiriza, Jumbo Rocks pakati. Madzi akumwa, zimbudzi zogejemula ndi potayira zonyansa za RV zili ku Black Rock ndi Cottonwood kokha. Pa malo ogona ena onsewo ndi zimbudzi zokumba, madzi palibe ngakhale dontho. Koma Black Rock simufikako kudzera mumsewu waukulu wa m'paki. Mumalowera ku tauni ya Yucca Valley, ndipo kuti mupite kwa miyala muyenera kutulukanso, kutsata Highway 62 n'kukalowera pa chipata cha ku tauni ya Joshua Tree. Indian Cove nayo ili ndi njira yakeyake kuchokera pa Highway 62.

Nangozo: Apa ndisiyana nanu pang'ono a Gondwe. Kusamuka tsiku lililonse ndi RV kumatopetsa anthu amene sanayizolowere: kumanga katundu, kuchotsa zopondera za pansi pa matayala, kukayezanso kuti galimoto yaima molingana. Masiku atatu okha thanki imodzi ya madzi imakwana mukaisamala. Ndingasankhe Indian Cove masiku onse. Miyala ilipo yambiri, ndipo poti ili pamamita pafupifupi 975, usiku kumafundirako kusiyana ndi Jumbo Rocks. Madzi mumakatunga pa ofesi ya alonda a paki ili panjira yolowera, m'zigubu. Kwa agogo madigiri ochepa amenewo ndi nkhani yaikulu.

Gondwe: Mfundo ya agogoyo ndaimva, ndikugwirizana nayo. Chachikulu akadzaze thanki asanalowe, ndipo potuluka adziwiretu kokataya.

Bambo Mbewe: Ndilankhulepo za batire, chifukwa n'zimene zimagonetsa anthu ndi chisanu. RV ili ndi mabatire awiri osiyana: loyatsira injini, ndi la m'nyumba loyendetsa nyale, pampu ya madzi ndi fani ya chotenthetsera. Chotenthetseracho chimayaka ndi gasi wa propane, ndiye ambiri amaganiza kuti gasi akakhalapo zonse zili bwino. Koma fani yake imadya magetsi ambiri, pafupifupi ma amp 7.

Tiyeni tiwerengere. Batire wamba la asidi lolembedwa 100 Ah (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola) mumangogwiritsapo theka, 50 Ah, mukapitirira pamenepo limawonongeka. Kukazizira limapereka zochepa kuposa apo. Chotenthetsera chikamayaka theka la nthawi kwa maola 10, ndiye kuti maola 5 kuchulukitsa ndi 7, zapita 35 Ah. Onjezerani nyale, pampu, ma alamu a gasi ndi kutchaja mafoni. Batire limodzi ndi usiku umodzi basi.

Likafooka mudzaona chizindikiro chosokoneza: fani ikuzungulira koma ikupemerera mphepo yozizira. M'kati mwa chotenthetseracho muli kaswichi kamene kamakankhidwa ndi mphepo ya fani, ndipo gasi sayaka pokhapokha kakankhidwe. Magetsi akachepa fani imazungulira pang'onopang'ono, kaswichiko sikakankhidwa, moto suyaka. Anthu amathamangira kukayang'ana gasi pomwe vuto ndi batire.

Zoyenera kuchita ndi izi. Madzulo alionse batire ligone lodzaza. Ikani chotenthetsera pa madigiri 12 kapena 13, omwe pa chowongolera chawo ndi 55°F, zotsalazo zichite zofunda. Tsekani makatani onse, ndipo pachikani bulangete kulekanitsa kutsogolo kwa woyendetsa ndi kogona, chifukwa galasi lalikulu lija ndi limene limataya kutentha kwambiri. Ngati pali mita yoonetsa ma volt, 12.6 kapena 12.7 ndi lodzaza, 12.2 ndi theka, likafika 12.0 lekani kulikama.

Mayi a Tadala: Bambo Mbewe, nanga likatha usiku sitingangoyatsa jenereta?

Bambo Mbewe: Ayi mayi, m'pakimo jenereta ili ndi nthawi zake: 7 mpaka 9 m'mawa, 12 mpaka 2 masana, ndi 5 mpaka 7 madzulo. Ya madzuloyo musaiphonye, ndiyo yokonzekerera usiku. Jenereta ya m'RV imakoka petulo m'thanki ya galimoto, ndipo paipi yake anaikonza kuti isiye kukoka mafuta akatsika kufika pa kota, kuti musadzisowetse mafuta obwererera. Choncho lowani m'paki thanki ili yodzaza. M'katimo mulibe pogulira mafuta, chakudya kapena gasi. Thirani ku Yucca Valley, Joshua Tree kapena Twentynine Palms. Galimoto zimenezi zimamwa, makilomita 4 pa lita mukhale mwachita bwino.

Pamtunda jenereta imachepanso mphamvu, pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse, chifukwa mpweya ndi wopepuka. Musayatse microwave ndi ketulo yamagetsi nthawi imodzi, imazima. Pobwereka funsani ngati amalipiritsa jenereta pa ola, makampani ena amatero. Funsaninso mtundu wa batire ndi wa firiji. Batire la lithium limapereka pafupifupi mphamvu zake zonse, koma silifuna kutchajidwa likazizira kufika pansi pa 0. Firiji ya 12 V imadya batire lomwelo usiku wonse, pamene ya gasi imadya zochepa kwambiri.

Nachisale: Ndikuchonderereni pa chinthu chimodzi, makamaka poti agogo anazolowera kuotha mbaula m'Juni. Mbaula, makala, kapena kusiya chitofu cha gasi chikuyaka kuti chifunditse, musayerekeze m'RV kapena m'tenti. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo amene wagona kale sadzuka. Ngakhale makala aoneke ngati azima, asiyeni panja. Musanachoke kobwerekako dinani batani loyesera alamu ya mpweya umenewu, imveke ndi makutu anu. Jenereta ikamalira tsekani mawindo a mbali imene kukutulukira utsi, ndipo onani kuti utsiwo sukulunjika tenti ya anzanu.

Zofunda: aliyense chikwama chogonamo cholembedwa 20°F, omwe ndi pafupifupi -7°C, kapena mabulangete awiri okhuthala. Chipewa cha ubweya ndi masokosi ouma osungira kogona okha. Botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu kumapazi kwa agogo limagwira ntchito mpaka m'mawa osadya batire. Ngati wina agona m'tenti, kuzizira kwambiri kumachokera pansi. Matiresi opopa okhaokha amazizira ngati mwala, yalanipo chofunda chokhuthala kapena mphasa ya thovu pamwamba pake.

Nangozo: Za madzi. A paki amalangiza galoni imodzi pa munthu patsiku, malita 3.8, ndipo woyenda mtunda kunja kukutentha awiri. Inu asanu kwa masiku anayi, kuwerengera lopita ndi lobwerera, ndi malita pafupifupi 80 akumwa okha. Amenewa anyamuleni m'zigubu zawozawo, osadalira thanki ya RV yobwereka, poti simudziwa kuti inatsukidwa liti, ndipo pampu ikafa madzi a m'thanki amavuta kuwatulutsa. Kukamazizira ludzu silimveka, koma mpweya woumawo umakuyamwanibe madzi. Milomo kung'ambika, mutu, mkodzo wachikasu kwambiri, ana kutuluka magazi m'mphuno, zonsezi ndi zomwezo. Agogo muziwapatsa kapu m'manja, musadikire kuti apemphe. Vaseline pamilomo ndi m'mphuno madzulo.

Thanki ya m'galimoto nthawi zambiri imakhala ya malita pafupifupi 150. Shawa imatulutsa malita 6 kapena kupitirira pa mphindi, ndiye anthu asanu akasamba ngati kunyumba thanki yatha tsiku loyamba. Sambani monga timachitira ndi beseni: malita 3 ofunda, kansalu, basi. Mbale zipukuteni kaye ndi pepala, kenaka mutsukire m'beseni limodzi la sopo ndi lina lotsukuluzira.

Madzi amalemera kilogalamu imodzi pa lita. Thanki yodzaza ndi zigubu ndi makilogalamu opitirira 200, choncho zigubu ziikeni pansi, pakati pa galimoto, zomangidwa.

Bambo a Dalitso: Funso langa ndi la nsima. Pamtunda wotero imapsa bwino?

Nangozo: Imapsa, bambo. Pa mamita 1,300 madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, ndiye phala lisiyeni libwate mphindi zingapo zoonjezera musanayambe kuthira ufa wovundulira. Chimene chimavuta ndi nyemba zouma, zimatenga nthawi n'kumaliza gasi. Ziphikireni kunyumba n'kuzinyamula m'firiji. Pophika panja mdani ndi mphepo, imakankha moto kuuchotsa pansi pa poto, ndiye tchingani chitofu mbali zitatu ndi kuvundikira poto. Nkhoko ndi zotsala za nsima musazitsukire m'sinki ya RV, zimamata m'paipi n'kununkhitsa thanki. Viikani poto ndi madzi pang'ono, palani, tayani m'jumbo la zinyalala.

Moto wa nkhuni ndi wololedwa m'zitsulo zoyatsira zimene anaika pamalo alionse basi, ndipo nthawi zina amaletseratu kukauma kwambiri, ndiye onani tsamba la paki musananyamuke. Kutola nkhuni m'paki n'koletsedwa, ngakhale zouma zogwa zokha. Gulani mitolo m'tauni zapafupi. Pozimitsa thirani madzi n'kuvundula phulusa mpaka dzanja lithe kukhudza. Kukwirira ndi mchenga kumangosunga makala amoto.

Bambo Mbewe: Mukafika pamalo, choyamba ndi kuimika galimoto molingana. Firiji ya gasi ilibe pampu, mankhwala ake amayenda okha m'mapaipi motsetsereka, ndipo galimoto ikapendekeka amaima, firiji n'kuwonongeka. Ikani kachipangizo koyezera ka kathovu pansi m'firiji kapena patebulo, onani mbali yotsika, ikani zopondera kutsogolo kwa matayala a mbali imeneyo, kwerani pang'onopang'ono wina akukuwongolerani ali panja pomwe mukumuona pagalasi, kokani handibuleki. Firiji yotere imatenga maola ambiri kuti izizire, choncho lowetsani zakudya zozizira kale.

Kutaya zonyansa kuli ndi dongosolo lake. Pali mathanki awiri: lakuda la kuchimbudzi, ndi lotuwa la kusinki ndi kushawa. Valani magolovesi. Musanachotse chivundikiro onani kuti zotsekera zonse ziwiri ndi zotseka. Lumikizani paipi ku galimoto, mbali inayo ilowe bwino m'dzenje, muitsamiritse ndi mwala kapena phazi. Tsegulani lakuda poyamba, lithe, tsekani. Kenaka lotuwa, kuti madzi a sopo atsuke paipi. Mukasinthanitsa mudzanyamula paipi yodzaza zoipa. Mpopi wotsukira wa pamalopo musadzazire thanki ya madzi abwino. Mukamaliza thirani malita 5 kapena 10 m'chimbudzi pamodzi ndi mankhwala ake, chifukwa thanki lakuda likakhala louma zonyansa zimaunjikana pansi pa bowo n'kuuma. Pa chifukwa chomwecho, ngakhale mukusunga madzi, pogejemula musaumire. Masana gwiritsani zimbudzi za paki, cha m'RV chikhale cha usiku.

Za mapaipi kuuma ndi chisanu: kukangofika -2 kwa maola ochepa, ndipo chotenthetsera chikuyaka, nthawi zambiri palibe vuto. Siyani zitseko za makabati a pansi pa sinki zotsegula kuti mpweya wofunda ufikeko. Akalosera kuzizira koposa apo, thirani antifreeze ya RV, ya pinki ija, m'mathanki otayira. Ya injini ya galimoto ndi poizoni, musaigwiritse ntchito pamenepa.

Gondwe: Mphepo tisaiiwale. Kuchokera ku Los Angeles mudzatsata I-10 n'kudutsa San Gorgonio Pass, pomwe pali makina ambirimbiri opanga magetsi ndi mphepo, ndipo anawaika pamenepo chifukwa imaomba kwambiri. RV ndi yaitali ngati khoma, mphepo ya m'mbali ndi malole odutsa zimaikankha. Manja onse pachiwongolero, chepetsani liwiro, khalani kumanja. Mukakhotera pa Highway 62 pali chitunda chachitali chokwera ku Morongo Valley ndi Yucca Valley. Pobwerera, potsika, gwiritsani giya yotsika kapena batani la tow/haul. Mukangopondereza mabuleki njira yonse amatentha n'kusiya kugwira. Dindani mwamphamvu kwa kanthawi, siyani, dindaninso. Nyamukani m'mawa kuti mufike isanakwane 3 koloko, chifukwa kubwerera chammbuyo pakati pa miyala mumdima n'kumene kumaphwanya magalasi ndi denga.

Chinsalu chotchinga dzuwa cha m'mbali mwa RV chipindeni nthawi zonse mukamachoka kapena kukagona. Mphepo ya kumeneko imabwera mwadzidzidzi, ndipo inshuwalansi ya makampani ambiri obwereketsa siilipira chinsalu chimenechi. Za tenti, zikhomo zing'onozing'ono zimazuka mumchenga. Tengani zazitali za masentimita 25 kapena 30, mukhome mopendekera kutali ndi tenti n'kutsamiritsa mwala pamwamba.

Mayi a Tadala: Ndalemba zonse. Nanga njoka ndi zilombo, poti ana ndi a zaka 6 ndi 9?

Nachisale: Njoka za rattlesnake zilipo, koma kumapeto kwa Novembala zambiri zimakhala zitabisala chifukwa cha kuzizira. Lamulo kwa ana ndi limodzi: osalowetsa dzanja kapena phazi pomwe maso sakuona. Nsapato zigwedezeni m'mawa chifukwa cha zinkhanira. Wina akalumidwa ndi njoka musamange chingwe, musatemere, musayamwe. Chotsani mphete ndi zothina, akhale phee, thamangirani kuchipatala. Hi-Desert Medical Center ili m'tauni ya Joshua Tree. Netiweki ya foni m'paki mulibe malo ambiri, choncho tsitsiranitu mapu, ndipo uzani wina wa kunyumba malo mukugona ndi tsiku lotuluka. Foni yangozi ili pa Intersection Rock pafupi ndi Hidden Valley, ina pa ofesi ya alonda ku Indian Cove.

Chimene chimachititsa ana kulira kawirikawiri ndi chomera chaminga chotchedwa cholla. Tizidutswa take timathothoka mukangokhudza, ndipo minga yake ili ndi ngowe. Osachotsa ndi zala. Lowetsani chipeso pakati pa khungu ndi kachidutswako n'kukankhira kutali ndi anthu, yotsalayo muzule ndi kopanira. Ku Cholla Cactus Garden ana avale nsapato zotseka ndipo ayende pakati pa njira. China ndi miyala. Ndi yokhakhala, kukwera n'kosavuta, koma kutsika n'kumene kumavuta, ndiye mwana asakwere pomwe wamkulu sanaone potsikira.

Kamba wa m'chipululu ndi wotetezedwa ndi lamulo. Amakonda mthunzi wa pansi pa galimoto nyengo yofunda, choncho kusuzumira musanadzutse injini ndi chizolowezi chabwino. Musamunyamule, chifukwa akachita mantha amakodza madzi amene anasunga m'thupi, ndipo akhoza kufa ndi ludzu. Mitengo ya Joshua ija mizu yake ndi yosazama ndipo imakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kumangirirapo chingwe choyanikira zovala kapena chogonera n'koletsedwa.

Bambo a Dalitso: Malo onse akadzaza, ndimamva kuti kunja kwa paki kuli kogona kwaulere. N'zoona?

Gondwe: N'zoona bambo, pa malo a boma oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management. Ena ali kumwera, pakati pa I-10 ndi chipata cha Cottonwood, ena kumpoto kwa Highway 62 cha ku Sunfair Road, pa nyanja youma. Mumaloledwa masiku 14. Kulibe madzi, chimbudzi, tebulo kapena motaya zinyalala, zonse mumabwerera nazo. Moto, ngakhale chitofu cha gasi chophikira panja, umafuna California Campfire Permit, imene mumatenga pa intaneti kwaulere. A kumwerawo ndi otsika ndi ofundirako, ndipo ali pafupi ndi madzi ndi potayira pa Cottonwood. Pa nyanja youmayo samalani: mvula ikagwa dothi lake limasanduka matope oterera, ndipo galimoto yolemera imatitimira. Makampani ambiri obwereketsa amaletsanso kuyenda m'misewu yafumbi, werengani pangano lanu. Musanalowetse RV panjira yamchenga, tsikani muyendepo ndi miyendo, muone ngati pansi n'polimba ndiponso ngati pali potembenukira. Musaime m'khwawa louma ngakhale likhale losalala bwanji. Mvula ikagwa kumapiri kutali, madzi amatsika m'khwawamo mwamphamvu inu kumene muli kuli dzuwa.

Mayi a Tadala: Ndayang'ana tsopano, ku Indian Cove kwatsala malo awiri, amodzi alembapo mapazi 25, ena 35. RV imene tinaiona ndi ya mapazi 30.

Nangozo: Tengani a 35 lero lomwe achemwali, musadikire mawa. Pobwerera mukataye zonyansa ku Black Rock, ili panjira yanu yotulukira ku Yucca Valley, chifukwa mukabweza galimoto mathanki ali odzaza makampani ambiri amalipiritsa. Ndalama yolowera m'paki ndi yosiyana ndi ya malo ogona, muikonzeretu payokha.

Bambo Mbewe: Ndipo tsiku lotenga galimoto musavomere kungopatsidwa makiyi. Akuonetseni kuyatsa chotenthetsera, jenereta, firiji ndi pampu inu mukuchita ndi manja anu, muone kuti gasi ndi wodzaza, paipi yotayira ndi zopondera zilimo, ndipo mulembe kutalika kwa galimoto kuchokera pansi mpaka padenga papepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero.